Duwa lija mumangoti lily, mwina ndi la banja la iris

Maluwa a pakhomo kuno ku Salima amayenda opanda mayina. Wina wapempha kachitsa kwa neba, wina wapatsidwa ndi alamu ake omwe amagwira ntchito ya m'gadeni pa loji ina ku Senga Bay, wina wagula la m'chubu kwa anyamata a nazale m'mbali mwa msewu ku Lilongwe nkukwera nalo minibasi mpaka pa Kamuzu Road, nde mukafunsa kuti kodi achimwene duwa limeneli ndi chani yankho limakhala lomwelomwelo, ameneyu ndi lily. Chilichonse cha masamba ataliatali ndi lily basi. Ine zimenezi zimandidandaulitsa ndithu, chifukwa dzina ndi lomwe limakuuzani kuti chomerachi chimafuna madzi nthawi yanji, chipirira dzuwa la mu Okutobala kapena chipsa, komanso ngati pali ngozi mbuzi kapena mwana akatafuna muzu wake. Ndipo gulu lalikulu la maluwa omwe timawati lily si lily nkomwe, ndi a banja la iris, lomwe pa sayansi amaliti Iridaceae.

Titenge duwa limodzi ngati chitsanzo. Masamba ake ndi olimba, osongoka, obiriwira chaka chonse, amamera mothinana kuchokera pansi. Duwa lake ndi loyera, timasamba sikisi, titatu tili ndi kadontho kachikasu chakumunsi, ndipo pakati penipeni pali tina titatu ta pepo wowalirapo. Limatseguka m'mawa, pofika madzulo lafota, patapita masiku kwatulukanso lina pa phesi lomwelo. Anthu ambiri akaona chonchi amayamba ndi kala, amafufuza pa foni kuti duwa loyera la chikasu pakati, nkubwera zithunzi zambirimbiri zosagwirizana. Kala ndi chinthu chomaliza kuyang'ana abale anga. Gladiolus yekha, duwa lina la banja lomweli, alipo woyera, wofiira, wachikasu, wa pinki, wa pepo, koma yenseyo ndi Gladiolus.

Akatswiri a zomera akamagawa zomera m'magulu amayang'ana kapangidwe, makamaka ka duwa ndi chipatso, poti ziwalo zimenezi sizisintha ndi dothi kapena feteleza. Ife alimi timazidziwa kale olo sitizitchula motero. Nyemba, khobwe, nandolo, soya ndi mtedza ndi banja limodzi, nchifukwa chake zonse zimabereka m'makoko ndipo zimabwezera chonde m'nthaka. Tomato, mabilinganya, tsabola, mbatatesi ndi fodya ndi banja linanso, nde alangizi amaletsa kubzala tomato pomwe panali fodya poti matenda ake ndi amodzi. Pansi pa banja pamabwera genus, kagulu ka zomera zapachibale kwambiri, pansi pa genus pamabwera species, mtundu weniweni wa chomeracho, ndipo dzina la sayansi limakhala la mawu awiri, loyamba genus lachiwiri species, njira yomwe Carl Linnaeus wa ku Sweden anakhazikitsa mu 1753. Banja la iris analikhazikitsa ndi Antoine Laurent de Jussieu wa ku France mu 1789. Lero muli ma genus pafupifupi 70 ndi ma species oposa 2,000, nde musayembekezere kuti mufika pa species tsiku lomwelo, kungofika pa banja ndi genus mwagwira kale ntchito yayikulu.

Yambani ndi tsamba poti limapezeka nthawi zonse olo duwa palibe. Likwezeni ku dzuwa muone mitsempha yake. Ikakhala yoyenda molunjika kuchokera kutsinde mpaka kunsonga osapanga ukonde, mmene zilili pa chimanga, mpunga ndi anyezi, ndiye kuti muli mu gulu la ma monocot, zomera zomwe zimamera ndi katsamba kamodzi. Apo mwachotsa kale ma rozi, ma hibiscus ndi zina zonse za mitsempha ya ukonde. Kenako gwadani muone pomwe masamba akutulukira. Pa zomera zambiri za banja la iris masamba amakwerana, lililonse lapindika kumunsi nkukumbatira linzake lamkati, nde chitsa chonse chimakhala chafulati ngati dzanja lotambasula zala. Tsamba lake lilibe kumaso ndi kumbuyo, mbali zonse ziwiri zimafanana ndipo limaloza phesi ndi m'mphepete mwake. Mukagwira kutsinde mumamva kuti nkophwatalala osati kobulungira. Chizindikiro chimenechi nchabwino kwambiri koma sichokwanira pachokha, chifukwa Moraea ndi wa banja lomweli koma nthawi zambiri amakhala ndi tsamba limodzi kapena ochepa, lalitali lokhala ndi ngalande pakati, losapanga dzanja lija.

Umboni weniweni uli m'duwa, ndipo apa ndi pofunika kudekha. Thyolani duwa limodzi m'mawa lisanafote, mukhale pansi ndi pepala loyera ndi lezala, muliphwasule pang'onopang'ono. Timasamba ta duwa tikhala sikisi, titatu takunja titatu tamkati, pena tofanana pena tosiyana kukula. Izi zokha sizikuthandizani kwambiri poti lily weniweni nayenso ali ndi sikisi. Chomwe muwerenge ndi ma stamen, tizingwe tachimuna tija tokhala ndi kamutu ka mungu, ufa wachikasu umene umamatirira njuchi. Banja la iris lili ndi ma stamen atatu. Lily ali ndi sikisi, banja la amaryllis lomwe muli anyezi ndi adyo nalonso sikisi. Kusiyana kwake nkomweko, ndipo olo mwana wa pulayimale atha kuwerenga.

Koma pali pomwe ambiri amasokonekera. Pa Iris, Moraea ndi Dietes mukayang'ana duwa pamwamba ma stamen simuwaona, mumangoona ngati timasamba tilipo naini. Titatu ta pakati tija, ta pepo pa duwa la chitsanzo chathu, si timasamba ta duwa ayi, ndi nthambi za chiwalo chachikazi zomwe zinatambalala nkukhala ndi kala. Tukulani kamodzi ndi nsonga ya udzu, pansi pake mupeza stamen imodzi itagona, katatu konse chimodzimodzi. Kapangidwe kameneka kali ndi ntchito yake, njuchi ikatera pa kadontho kachikasu kaja imakwawira mkati kufuna timadzi totsekemera, polowa msana wake umakhudza kaye mlomo wachikazi nkusiyapo mungu wochokera ku duwa lina, kenako umakwecha stamen nkutenga mungu watsopano. Nde duwa limodzi limagwira ntchito ngati maluwa atatu, khomo lililonse palokha. Ine mbali imeneyi imandisangalatsa kwambiri, ndipo mukakhala pafupi ndi chitsa chamaluwa cha m'ma 8 koloko m'mawa mutha kuziona ndi maso njuchi ikulowa khomo ili nkutuluka kukalowa linalo. Pa Gladiolus palibe chobisika, ma stamen atatu aja amapindikira m'mwamba pansi pa katsamba kapamwamba, mumangosuzumira mkati nkuwerenga.

Chachiwiri choyang'ana m'duwa ndi pomwe pali kathumba ka njere, kaja amati ovary. Aliyense amene anabzalapo maungu amadziwa kuti duwa lachikazi limabwera ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake, duwa lili pamwamba pa kadzunguko. Tomato ndi therere nzosiyana, kathumba kamakhala mkati mwa duwa pamwamba pa timasamba. Banja la iris lili mbali ya dzungu, kathumba kobiriwira kali kunsi kwa duwa, ndipo mukakadula chopingasa ndi lezala muona tizipinda titatu tokhala ndi njere. Chikakhwima chimakhala chikoko chouma chomwe chimang'ambika patatu. M'banja lonseli chomera chimodzi chokha ndi chomwe chili ndi kathumba pamwamba, Isophysis wa ku chilumba cha Tasmania, ndipo ameneyo simukumana naye pakhomo pa munthu ku Chipoka. Ndiye lamulo lake ndi ili, timasamba sikisi, ma stamen atatu, kathumba kunsi. Zitatuzi zikakumana muli m'banja la iris.

Tsopano taonani mmene lamuloli limachotsera ofanana nawo. Duwa lalikulu loyera la mizere ya pinki lija limatuluka m'madambo mvula yoyamba ikagwa ndi Crinum, kathumba kali kunsi inde koma ma stamen sikisi ndipo pansi pali chianyezi chachikulu, ndi wa banja la amaryllis. Timaluwa ta pinki kapena toyera tomwe timatulukira pa kapinga patangopita masiku ochepa mvula itagwa ndi Zephyranthes, banja lomwelo la amaryllis, chimodzimodzi Hippeastrum wofiira uja amabzala m'mapoto. Hypoxis wa nyenyezi yachikasu ndi masamba aubweya alinso ndi sikisi. Gloriosa superba, uja wofiira ndi chikasu wa timasamba topindikira m'mwamba amene nsonga za masamba ake zimakoleka pa udzu akamakwera, duwa la fuko la Zimbabwe, ali ndi sikisi ndipo kathumba kali pamwamba, banja lake ndi lina. Khovani wa m'munda uja angakupusitseni poti ma stamen ake obereka ndi atatu, koma kathumba kali pamwamba ndipo masamba ndi phesi lake lamadzimadzi sizifanana nkomwe. Canna wa masamba otambalala angati a nthochi ndi wa kufupi ndi jinja, ameneyo musavutike naye.

Mukatsimikiza banja, chotsatira ndi pansi pa nthaka. Simufunika kuzula chitsa chonse, fukulani pambali pang'ono ndi kamtengo. Pali mitundu itatu ya nkhokwe ya chakudya yomwe zomerazi zimakhala nayo ndipo yonse timayidziwa kukhitchini. Rhizome ndi tsinde loyenda chogona pansi pa dothi lokhala ndi mfundo, jinja ndi rhizome. Corm ndi yobulungira yolimba, mukayidula mkati ndi mnofu umodzi wopanda zigawo, koko ndi corm, kungoti ya Gladiolus ndi yaying'ono yophwatalala yovala makoko ouma a ulusi. Bulb ndi ya zigawozigawo zokutirana, anyezi ndi bulb. M'banja la iris rhizome ndi corm ndi zomwe zachuluka, bulb imapezeka pa ma Iris ena ndi pa achibale a ku America monga Tigridia ndi Eleutherine.

Akatswiri, makamaka Peter Goldblatt amene wagwira ntchito zaka zambiri ku Missouri Botanical Garden pamodzi ndi John Manning wa ku South Africa, anagawa banjali m'nthambi 7, koma pakhomo zomwe mukumane nazo ndi ziwiri. Nthambi ya Crocoideae ndi yomwe ili ndi ma species ambiri, muli Gladiolus, Freesia, Crocosmia, Watsonia, Ixia, Dierama ndi Crocus. Onsewa ali ndi corm, timasamba ta duwa timalumikizana kumunsi kupanga kapaipi, pa ambiri mwa iwo maluwa amandandalika pa phesi lililonse pamalo pake ndipo amakhala masiku angapo. Nthambi ya Iridoideae muli Iris, Moraea, Dietes, Neomarica, Trimezia ndi Tigridia, maluwa ake amatuluka limodzilimodzi kuchokera m'kachimake kobiriwira kunsonga kwa phesi ndipo ambiri amakhala tsiku limodzi lokha. Nthambi zinazo ndi zazing'ono, muli Aristea wa timaluwa ta buluu amene amapezekanso kumapiri kwathu kuno, ndi Geosiris wa ku Madagascar amene alibe masamba obiriwira nkomwe, amadya kudzera mwa bowa wa m'nthaka.

Nde duwa lathu loyera lija, lotuluka m'kachimake nkufota tsiku lomwelo, lili mu Iridoideae. Apa otsala ndi atatu ofanana kwambiri, Iris, Moraea ndi Dietes. Yang'anani kunsi kwa duwa pakati pa timasamba ndi kathumba. Ma Iris ambiri ali ndi kapaipi pamenepo, Moraea ambiri ndi Dietes timasamba take ndi tosalumikizana, timakhala pa kathumba penipeni. Kenako pansi, Moraea ali ndi corm ndipo amauma chilimwe, Dietes ali ndi rhizome ndipo ndi wobiriwira chaka chonse. Lathu lija lilibe kapaipi, lili ndi rhizome, masamba a dzanja osauma, ndi Dietes ameneyo. Ndipo apa mwayi ulipo poti Dietes ali ndi ma species 6 okha, asanu a mu Africa ndi imodzi ya ku kachilumba ka Lord Howe pakati pa Australia ndi New Zealand. Duwa loyera laling'onopo la tsiku limodzi ndi Dietes iridioides, amene amamera yekha m'nkhalango kuyambira ku South Africa kukwera mpaka kum'mawa kwa Africa, Malawi yemwe. Likakhala lalikulu, lokhala ndi timizere tabulawuni pa timasamba tamkati ndipo likutha masiku awiri kapena atatu, ndi Dietes grandiflora wa ku South Africa. Lachikasu chotuwa la madontho atatu akuda ndi Dietes bicolor. Apa ndi pomwe kala imayamba kugwira ntchito, kumapeto, mutadziwa kale genus.

Pali alendo ena a ku America omwe amakonda kutentha ndipo amasokonezedwa ndi Dietes. Neomarica wa ku Brazil masamba ake ndi ofewa owala, phesi la duwa ndi lafulati moti mumaliyesa tsamba, timasamba titatu takunja toyera kapena ta buluu, tamkati topindika tokhala ndi mizere yabulawuni pakati. Duwa likatha pamalo pomwepo pamamera kamwana, phesi limalemera nkugwa pansi, kamwanako nkugwira mizu patali pang'ono ndi make, nchifukwa chake pa Chingerezi amamuti walking iris. Dietes iridioides nayenso pena amachita zomwezi nde musadalire chizindikiro chimenechi chokha, onani phesi ngati ndi lafulati kapena lobulungira. Trimezia ndi wachikasu wa madontho abulawuni pakati. Palinso wina wa ku Asia wa maluwa a olenji amathothomathotho ofiira, chikoko chake chikang'ambika chimasiya mulu wa njere zakuda zowala, ameneyo mabuku akale amamuti Belamcanda chinensis koma lero ndi Iris domestica.

Nkhani ya kusintha mayina imeneyi imakwiyitsa anthu, wina amaloweza dzina kenako nkumva kuti linasintha, koma pali chifukwa chake. Kale ankagawa pongoyang'ana ndi maso, kuyambira zaka za m'ma 1990 anayamba kuyerekeza DNA, nde zinaoneka kuti zomera zina zofanana nkhope si pachibale ndipo zina zosafanana ndi pachibale chenicheni. Gulu la akatswiri lotchedwa Angiosperm Phylogeny Group linatulutsa kagawidwe katsopano mu 1998, kamene kakonzedwa kangapo mpaka ka 2016. Mmenemo banja la iris, lomwe kale linkayikidwa pamodzi ndi lily mu gulu lalikulu la mabanja lotchedwa Liliales, lili mu gulu la Asparagales pamodzi ndi anyezi, aloe, khonje ndi ma orchid, omwe aja akumpoto amakumba mizu yake kupangira chikande. Kunena kwina, duwa lomwe timaliti lily lili pafupi ndi anyezi kuposa lily weniweni. Mkati mwa banjamo Anomatheca analowetsedwa mu Freesia mu 1995, Homeria analowa mu Moraea mu 1998, Belamcanda analowa mu Iris mu 2005. Dietes naye kale ankawerengedwa ngati Moraea, nchifukwa chake ena a nazale mpaka pano amamutchula Moraea. Za Neomarica akatswiri sanamvanebe, ena amamuphatikiza mu Trimezia ena amamusiya payekha. Mukapeza mayina awiri pa duwa limodzi si kuti wina wanama, nthawi zambiri limodzi ndi lakale.

Chomwe ndimafuna anthu akwathu adziwe kwambiri nchakuti banja limeneli ndi lathu. Iris weniweni, wa ma species pafupifupi 300, ndi wa kumpoto kwa dziko, ku Ulaya, Asia, North America ndi kumpoto kwa Africa, kumwera kwa Sahara samera yekha. Koma banja lonselo likulu lake ndi kumwera kwa Africa, komwe kuli ma species oposa 1,000, ambiri ku dera la Cape ku South Africa. Gladiolus ali ndi ma species oposa 250 ndipo pafupifupi onse ndi a mu Africa, Moraea oposa 200. Gladiolus dalenii, wa maluwa a olenji ndi chikasu okhala ngati avala chipewa, amamera yekha m'tchire ndi m'madambo m'madera ambiri a Malawi nthawi ya dzinja, ndipo ndi mmodzi mwa makolo a Gladiolus wamkulu uja mumamuona pa maukwati. Pa phiri la Mulanje pali Gladiolus bellus amene sapezeka kwina kulikonse. Ku Nyika kuli Moraea schimperi wa pepo ndi Dierama wa maluwa olendewera pa timapesi towonda. Crocosmia aurea wa m'mphepete mwa nkhalango za kumapiri anatengedwa kupita ku Ulaya, ndipo cha m'ma 1880 Victor Lemoine wa ku France anamukwatitsa ndi Crocosmia pottsii nkutulutsa montbretia amene lero ali m'magadeni dziko lonse. Ngakhale saffron, zokometsera zakudya zodula kwambiri zomwe zambiri zimalimidwa ku Iran, ndi tizingwe titatu tachikazi ta Crocus sativus, wa banja lomweli.

Phindu la kudziwa zonsezi limaonekera pobzala. Salima ndi Nkhotakota tili m'mphepete mwa nyanja, pansi, kotentha, mvula yathu imagwa nthawi yotentha kuyambira Disembala mpaka Epulo ndipo dothi m'malo ambiri ndi lamchenga. Freesia, Ixia ndi Sparaxis ambiri ndi a ku Cape komwe mvula imagwa nthawi yozizira ndipo chilimwe chotentha ma corm amagona m'dothi louma, nde mukawasiya pansi kuno dzinja lonse amaola. Iris wa ndevu uja wa m'zithunzi za ku Ulaya ndi Crocus amafuna chisanu kuti achite maluwa, kuno mungowononga ndalama. Gladiolus ndiye amagwirizana ndi nyengo yathu, bzalani ma corm mvula ikayamba kuya kwake masentimita 10 kapena kuposerapo pang'ono, muzike kamtengo poti phesi likalemera ndi maluwa mphepo imaligwetsa, maluwa akatha musadule masamba mpaka atauma okha chifukwa ndi omwe akudyetsa corm yatsopano, kenako fukulani musunge pouma. Tiana ta m'mbali mwa corm timatenga zaka ziwiri kapena zitatu kuti tichite maluwa, musatitaye. Dietes amapirira chilala akakhazikika koma kuno amakondwa pomwe pali mthunzi wa masana, ndipo phesi la iridioides kapena grandiflora musalidule duwa likafota poti limaberekanso kwa nthawi yayitali. Neomarica amafuna mthunzi ndi chinyezi, pansi pa mango kapena kuseri kwa bafa amachita bwino. Onse awiriwa mumachulukitsa pogawa rhizome, chidutswa chilichonse chikhale ndi dzanja lake la masamba.

Za poizoni ndinene mosabisa. Ma Moraea angapo ali ndi mankhwala oyimitsa mtima, ku South Africa alimi amawatcha tulp ndipo amapha ng'ombe, makamaka zomwe zangobwera kumene pamalo zosawadziwa. Rhizome ya Iris ndi corm ya Gladiolus munthu kapena galu akadya zimasanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Gloriosa uja si wa banjali koma ndi woopsa kuposa onsewa, muzu wake umapha munthu. Nde musalawe muzu wa duwa pofuna kulidziwa, ndipo ma corm omwe mwafukula musasunge m'lichero limodzi ndi anyezi kapena koko pomwe ana angafikire.

Ma app a pa foni monga Google Lens, PlantNet ndi iNaturalist amathandiza, ine sindiwanyoza, koma amadalira zithunzi zomwe anthu anatumiza kale ndipo zambiri nzochokera ku Ulaya ndi America, nde mukajambula Dietes kapena Moraea atha kukuuzani kuti ndi Iris wakutiwakuti. Dzina lomwe foni yakupatsani mulitenge ngati poyambira, kenako mubwerere ku duwa mukawerenge ma stamen, muone kapaipi, mufukule pansi. Pojambula musangojambula kumaso kwa duwa ayi, jambulaninso chammbali kuti kathumba kaoneke, kutsinde kwa masamba, chomera chonse chili chiyimire, chikoko cha njere ngati chilipo, ndipo muyike bokosi la machesi pambali kuti kukula kwake kudziwike. Dziwaninso kuti Gladiolus wogula m'shopu ndi wosakaniza ma species angapo kwa zaka zambiri, alibe species imodzi, mukafika pa genus mwafika.

Likakhala duwa lakutchire lomwe mwalipeza m'munda mwanu kapena kudambo ndipo lakukanikani, kuli National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi ku Zomba, komwe amasunga zomera zouma za m'dziko muno zolembedwa mayina, ndipo ali ndi magadeni ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. M'nkhalango zotetezedwa ngati Thuma kapena Nkhotakota Wildlife Reserve musakumbe kanthu, nkosaloledwa, jambulani basi. Za m'munda mwanu yikani chomera pakati pa nyuzi, pamwamba thabwa ndi njerwa, muzisintha nyuzi tsiku lililonse mpaka chiume poti chinyezi cha kunyanja kuno chimabweretsa nkhungu msanga. Maluwa a Dietes, Moraea ndi Neomarica ndi osalimba, mukawapanikiza athunthu amasungunuka nkumatirira, nde chotsani timasamba kamodzikamodzi mutiyale pa tishu padera, corm kapena rhizome muyidule pakati kuti iume bwino. Pa kapepala lembani malo, tsiku, dothi lake, nthawi yomwe duwa limatseguka ndi kufota, ndi kala yake lili laliwisi, chifukwa likauma loyera ndi lachikasu onse amasanduka abulawuni.